Zimene Ndinaona ku Milonde

Uthenga wa mng'ono wanga unandipeza usiku ndili pafupi kugona. Unali waufupi: "Achimwene, bwerani mudzalankhule ndi mwana wanuyu. Mabuku wawaika padera, akungokhalira kutola mawaya ndi zitini." Mng'ono wangayo anakwatira ku Milonde, m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka m'boma la Mulanje, ndipo monga mwa mwambo wa kumeneko wakhala pa chikamwini zaka zoposa 20. Ine ndinagwira ntchito ya uphunzitsi zaka 34 ndisanapume, chotero pa banja pathu mwana akavuta pa za sukulu, woitanidwa ndine. Ndinanyamuka ku Limbe m'mwezi wa Juni chaka cha 2024, mau odzudzula nditawakonza kale mumtima. Aŵerengi okondedwa, ndikuuzeni poyamba pomwe pano kuti ambiri a mau amenewo ndinabwerera nawo osawatulutsa.

Basi yathu inadzera ku Thyolo ndi ku Luchenza, nipitirira pa Chonde, pamene Alomwe amasonkhana chaka ndi chaka m'mwezi wa Okutobala kukumbukira chikhalidwe cha makolo awo. Aliyense woyenda msewu umenewu amayembekeza kuona phiri la Mulanje litaima patsogolo pake ngati khoma, koma tsikulo tinamanidwa. Kunali chiperoni, mvula yoŵaza ija imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Nkhungu inaphimba zonse, kuyambira m'minda ya tiyi kufikira ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Mayi wina amene ndinakhala naye pampando anaona kukhumudwa kwanga, nati, "Musadandaule bambo, phiri ili limachita manyazi ndi alendo. Mukagona masiku atatu lidzakuzoloŵerani."

Nditatsika pa msewu wa phula, ulendo wotsala unali wa kabaza. Anyamata ambiri masiku ano ali ndi njinga zamoto, koma ine ndi msinkhu wangawu ndinasankha yakapalasa. Pa kaliyala wake panali mtsamiro wosokedwa ndi zidutswa za zitenje, zofiira ndi zachikasu mosinthanasinthana, m'mbali mwake muli mphonje. Popondapo mapazi anakutapo mphira ya tayala lakutha, ndipo kumbuyo kunali kachitsulo kolembedwa dzina la njingayo ndi utoto woyera. Ndinafunsa kumene anagula mtsamirowo. Mnyamatayo anaseka. "Ndinasoka ndekha, bambo, podikira okwera pa siteji. Kodi munthu ungathe tsiku lonse ukungoyang'ana msewu? Komanso wokwera akafika amayamba waona njinga, mwini wake pambuyo."

Milonde ali kumwera kwa phiri, pa dziko lotsetsereka pang'onopang'ono kuloza ku mtsinje wa Ruo, umene ndiwo malire athu ndi Mozambique. Anthu ndi ambiri, malo ndi ochepa. Munda wa banja limodzi ungathe kuuzungulira moni asanathe. Koma m'kamunda kameneko upeza chimanga, nandolo, chinangwa, mbatata, kalongonda atayanga pa mtengo wa peyala, ndi nanazi m'malire. Munthu wozoloŵera mizere yaitali ya chimanga chokhachokha angayese chisokonezo, komatu ndi dongosolo. Chimanga chikakololedwa nandolo amatsala akukula, masamba ake amagwa nakonza nthaka, ndipo mitengo yake ikauma ndiyo nkhuni za chaka chimenecho.

Kuchepa kwa malo kumeneku kuli ndi mbiri yake. Tiyi anayamba wamera pa Mishoni ya Blantyre, ndipo m'chaka cha 1891 Henry Brown anatenga njere kumeneko nadzabzala kuno ku Mulanje. Nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri inasanduka maesiteti. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri anaoloka kuchokera ku Mozambique kuthaŵa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo ochuluka a iwo anapatsidwa pokhala polipira ndi thangata. Zidzukulu zawo ndizo zikugaŵana timinda totsalato lero. Anthu otere sanakhalepo ndi nthaŵi yochuluka, kapena malo ochuluka, kapena ndalama zochuluka. Ndikunena zimenezi kuti zimene ndifotokoze m'munsimu zisaoneke ngati maseŵera a anthu osoŵa chochita.

Nyumba ya mng'ono wanga sindinaizindikire. Yakale inagwa m'Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, mitsinje yochokera m'phiri nisefukira, nikokolola anthu, milatho ndi minda. Iwo anapulumuka onse, koma anagona milungu ingapo m'kalasi pa sukulu ina. Nyumba yatsopanoyi ndi yaing'ono, ya zidina. Koma khoma la pakhonde linandiimitsa ndisanalonjeredwe nkomwe. M'munsi mwake munali mzere wakuda wofika m'maondo, pamwamba pake mzere wofiira, kenaka timapiri toyera tondondozana ngati mano a sowo. Pambali pa chitseko panali nthambi ya tiyi, masamba aŵiri ndi nsonga, yojambulidwa mwaluso kotero kuti ndinafuna kuikhudza.

"Alamu, mmisiri ameneyu munamulipira zingati?" ndinatero pofunsa.

"Mmisiri wake uti, alamu? Ndi dothi chabe ili. Lakudali ndi makande, ndinatapa ku dambo pobwera kochapa. Lofiirali ndi katondo wa kuseri konkuno. Loyerali ndi phulusa, ndinasakaniza ndi dothi la kumtsinje kuti limatirire."

Ndinadziŵa kuti mayi ameneyu amadzuka tambala woyamba, amatunga madzi, amalima, amaphika, amagulitsa mapeyala pa msika, ndiponso saphonya ku Mvano. Chotero ndinafunsa kumene amaipeza nthaŵi yojambula makoma. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Kuzira ndiye ndimazira ndithu Loŵeruka lililonse, ndifune ndisafune, kaamba ka fumbi ndi utitiri. Tsono ngati dzanja lili kale m'matope, chondiletsa kulikhotetsa pang'ono nchiyani?" Pambuyo pake mng'ono wanga anandinong'oneza kuti zojambulazo zinayamba nyumba isanaikidwe ndi chitseko chomwe, ndipo iye anakwiya poona mkazi wake akukongoletsa khoma banja lilibe ufa wokwanira. Mkaziyo anangoyankha kuti ana ake aona matope akukwirira anthu, tsono afuna kuti akadzuka m'maŵa aziona matope ena. Mng'ono wanga akuti sanapezenso chonena.

Mwana amene ndinadzera ndinamuona madzulo. Anandigwadira bwinobwino, nalandira chikwama changa, koma maso ake sanakumane ndi anga. Anadziŵa chimene ndinabwerera. Ndinaganiza zoyamba ndaona mudzi, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsiku lachiŵiri ndinatsagana ndi mlongo wake wamkulu ku kamunda kawo ka tiyi. Alimi ang'onoang'ono anayamba kulima tiyi m'zaka za m'ma 1960, bungwe la Smallholder Tea Authority nilikhazikitsidwa mu 1967. Lisanafike nthaŵi imeneyo tiyi anali mbewu ya maesiteti. Juni si nyengo ya masamba ambiri. Tiyi amaphuka ndi mvula, makamaka kuyambira Disembala kufikira Epulo, ndipo miyezi yozizira ndiyo yodulira mitengo. Komabe panali timasamba tothyola. Amene sanagwirepo ntchito imeneyi asainyoze. Dengu lili kumsana, manja onse aŵiri akuthyola masamba aŵiri ndi nsonga, mame akunyoŵetsa mpaka m'chiuno, ndipo malipiro ake amanenedwa ndi sikelo. Masambawo ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, chifukwa akachedwa amatentha m'matumba naonongeka. Ine ndinayesa kwa mphindi zochepa, msana nuyamba kudandaula.

Mtsikanayu ndiye amapeka nyimbo za kwaya ya achinyamata pa mpingo wawo. Sanaphunzire kuŵerenga manotsi, ndipo alibe chipinda chokhalamo yekha. "Bambo aakulu," anatero manja ali pa ntchito, "manja akazoloŵera safunanso mutu. Mutu umatsala wopanda chochita, ndiye ndimaupatsa ntchito." Anandilongosolera kuti kugunda kwa nyimbo kumachokera ku manja omwewo, lamanja ndi lamanzere polandizana. Mau amadza pambuyo. Nyimbo ikamufikira ali pakati pa mzere sangaime kuti alembe, pakuti kuima ndiko kuchepetsa makilo. Amangoibwereza chamumtima kufikira pa mzere wa ku sikelo, ndipo pamenepo amaiimbira m'lamya yake motsitsa mau. "Zambiri zimathaŵa m'njira," anatero. "Imene yafika ku sikelo ndiye kuti ndi yolimba."

Ndinakhala ndikuganizira mau amenewo. Ife aphunzitsi tinali kuuza ana kuti wofuna kupeka ndakatulo akhale pa desiki, atenge pepala loyera, pakhale bata. Koma nyimbo za amayi athu zinabadwira pa mtondo, za abambo m'munda ndi pa ulenje. Ngakhale tchopa, gule wa Alomwe amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wake mu 2014, ndi gule wa zokolola, wa ulenje ndi wa nsembe zopempha mvula. Sanabadwire pa nsanja yoonetsera alendo. Madzulo ake ndinapita kukamvera kwaya ikuphunzira nyimbo yatsopanoyo. Anyamata a besi anaisokoneza katatu, wopekayo nawakalipira ngati kapitawo. Kachinayi inakhala, ndipo ndinamva kugunda kuja kwa manja aŵiri m'kati mwake.

Munthu amene ndinacheza naye nthaŵi yaitali ndi malume ake a mlamu wanga, mwinimbumba wa pamudzipo, nkhalamba ya zaka za m'ma 80. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupala timizere ta nsungwi ndi kampeni kakutha mbali imodzi. Anagwira ntchito ya ulonda pa esiteti ina zaka zambiri, ndipo kuluka anakuphunzira kumeneko. "Mdani wa mlonda si wakuba ayi, aphunzitsi, ndi tulo. Mnzanga wina anachotsedwa ntchito atapezeka akuliza mkonono. Ine ndinati manja akhale maso, kuti maso nawo asatseke." Usiku uliwonse ankapita ndi mtolo wa nsungwi, m'maŵa nabwerera ndi lichero latheka. Ana awo atatu anaphunzira ndi ndalama za malichero, osati za ulonda.

Anandionetsa mmene maŵanga amabwerera. Timizere tina amatisiya ndi khungu lake lobiriŵira, tina amatipala mpaka kuyera, tina amatiika pa tsindwi la kukhitchini kuti utsi utidetse. Poluka amadumphitsa taŵiri kapena tatatu, ndipo kusintha kwa kaŵerengedwe kameneko ndiko kumatulutsa mizere yokhota ndi timaso. Zonsezi amaŵerenga ndi zala, akucheza, osayang'anapo. Ndinafunsa ngati maŵangawo amakweza mtengo wa lichero. Anati ayi, wogula amangoligogoda kuti amve kulimba. "Nanga mumavutikiranji?" Iwo anati, "Likakhala m'mudzi wina, ndikadutsa ndimalizindikira kuti ili ndi langa."

Malonda awo atsika, sanabise. Mabeseni a pulasitiki alanda malo a nsengwa ndi zitete, ndipo achinyamata saona chifukwa chophunzirira ntchito ya masiku aŵiri yogulitsidwa pa mtengo wa sopo. Lichero lokha ndilo lakana kufa, popeza pulasitiki sapeta. Mkombero wake masiku ano amaumanga ndi chingwe chosombola ku matumba a feteleza, ndipo akuti chimalimba kuposa luzi. Anandikumbutsanso za anzawo amene ankasema timabokosi ta mkungudza togulitsa alendo ku Likhubula. Mkungudza wa ku Mulanje, umene unatchedwa mtengo wa fuko lathu mu 1984, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Ocheka matabwa mobisa pamodzi ndi moto wolusa anautha, kotero kuti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse. Mbande zikubzalidwanso, koma wodzasema mitengo imeneyo sanabadwe. "Ine ndinasankha nsungwi," inatero nkhalambayo. "Ukaidula imakukhululukira, imaphukanso."

Za kukhitchini ndingodutsamo mwachidule, ngakhale kuti mpamene ndinakhuta. Ndinadya kalongonda, nyemba zimene munthu wosadziŵa akaziphika mothamanga zimamuledzeretsa ndi kumudwalitsa. Ziyenera kuŵira maola ambiri, madzi akutayidwa ndi kuthiridwa ena. Amene anayamba kupeza njira imeneyi dzina lake silidziŵika, koma anali katswiri. Mlamu wanga anaziphika pa mbaula yadothi yotchedwa Chitetezo, imene inayamba kufala kuchokera m'boma lomwe lino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo mitengo ya nandolo imaikwanira. Pa mbaula yakeyo anadindapo timizere ndi chisononkho cha chimanga dothi lisanaume. Pamenepo sindinafunsenso chifukwa chake.

Sindifuna kukunamizani kuti zonse ndi zokoma. Zambiri za zimene ndinaona zinabadwa kaamba ka kusoŵa. Mnyamata wa kabaza akanakhala ndi ndalama mwina akanagula mtsamiro wa m'sitolo. Ndinaonanso anthu amene ntchito inawafinya kotero kuti pofika madzulo alibe nyimbo, alibe nthabwala, angofuna mphasa. Umphaŵi si mphunzitsi wabwino. Ophunzira ake ambiri amalephera. Chimene ndinazizwa nacho ndi chakuti pakati pa anthu otopa mofanana, ena amakhotetsa dzanja pang'ono, ena ayi, ndipo okhotetsawo ndiwo ndinawaona akuseka kaŵirikaŵiri.

Tsiku lachitatu ndinapempha mng'ono wanga kuti anditulutsire katundu amene analanda. Anali m'katoni pansi pa bedi: mawaya, mabatire a mafoni akufa, timababu ta matochi osweka, dayinamo ya njinga, masipoko, ndi zitsekerero za mabotolo zokhomedwa mozungulira kathabwa ngati gudumu. Ndinaitana mwanayo kuti andiuze ntchito ya chilichonse. Poyamba anayankha monyinyirika, koma atagwira zinthu zakezo lilime linamasuka. Nyumba yawo ilibe magetsi. Timababuto anatilumikiza m'chitini cha mkaka chopalidwa m'kati kuti chiŵale, napanga nyale yoŵerengera usiku. Gudumulo anafuna kuliika pa kamtsinje ka kumunsi kuti lizungulitse dayinamo ndi kudzaza mabatire. Anamva kuti ku Bondo anthu akuunikira ndi magetsi a mtsinje wa Lichenya, nati ngati mtsinje waukulu ungaunikire midzi, kamtsinje kangaunikire tebulo limodzi. Koma linakana. Gudumu limazungulira, babu limangophethira, batire osadzaza.

"Bambo aakulu, ndayesa kasanu. Sindikudziŵa chimene ndikulakwitsa."

Pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene ndakhala ndikuchikankhira kutali kwa zaka pafupifupi 40. Ndili mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ina ya kumudzi, mnyamata wa Sitandade 6 anabwera ndi banjo yopanga yekha, ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga. Pa nthaŵi yopuma ana onse anamuunjirira, belu nililira iwo osamva. Ndinailanda banjoyo, ndinaiponda pamaso pa kalasi lonse, ndi kunena kuti sukulu si malo a zitini. Mwanayo sanalire. Anatola khosi la banjo yakeyo, nakhala pansi. Teremu yotsatira sanabwerenso, ndipo sindinamvenso za iye. Chimene chimandichititsa manyazi koposa nchakuti madzulo a masiku omwewo ndinali kukhala pafupi ndi wailesi kudikira nyimbo za Alan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo uja, amene banjo yake inagwedeza dziko lonse. Ndinali kuombera m'manja chipatso, kwinaku ndikuzula mbande.

Chotero mmalo modzudzula ndinapempha buku lake la sayansi. Tinatsegula mutu wa magetsi, umene anali asanauŵerenge chifukwa aphunzitsi anali asanafikepo. Ndinamuonetsa kuti dayinamo ya njinga imatulutsa magetsi opita uku ndi uku mosinthana, pamene batire imafuna oyenda mbali imodzi, ndipo pakati pake pafunika tizipangizo towongola, timene tingapezeke m'wailesi yakufa. Ndinamuonetsanso kuti gudumu lake linali kuzungulira pang'onopang'ono kwambiri. Dayinamo inapangidwira liŵiro la tayala la njinga, chotero pafunika lamba wochokera pa gudumu lalikulu kupita pa laling'ono. Ndinamuchenjeza mwamphamvu za mabatire a mafoniwo, pakuti akaboola, akatupa kapena akadzazidwa mopitirira amatha kuyaka moto, ndipo nyumba yawo ndi yaudzu. Mwanayo anaŵerenga masamba asanu ndi limodzi osadzutsa mutu. Mayi ake anaitana kaŵiri kuti nsima ikuzizira.

Usiku umenewo tinakhala pakhonde anthu anayi: malume aja, mng'ono wanga, mlamu wanga ndi ine. Mng'ono wanga analankhula poyamba, ndipo mau ake sanali opepuka. Iye anasiyira sukulu Sitandade 6 chifukwa cha fizi. Ndalama zimene akulipirira mwanayu ku sekondale zimachokera ku tiyi ndi nandolo, thukuta la chaka chathunthu. Teremu yapitayo mwanayo anatsika pa Chingerezi ndi pa mbiri yakale, ndipo popanda Chingerezi palibe satifiketi. "Achimwene, pitani pa Limbuli mukaŵerenge anyamata okonza mafoni ndi mawailesi. Onsewo ndi aluso. Ndi angati amanga nyumba yamalata? Ine sindifuna mwana wanga adzakhale pansi pa ambulera kudikira foni yakufa."

Sindinathe kumutsutsa, chifukwa ananena zoona. Ndinangomukumbutsa za anyamata aŵiri amene dziko lino likuwadziŵa. Mu 2009 kunamveka mbiri ya Gabriel Kondesi wa m'boma lomwe lino la Mulanje, amene anasiyira sukulu ku pulaimale, koma anapanga nyumba youlutsira mau ndi zidutswa za mawailesi akale, naitcha Pachikweza. Anamangidwa chifukwa choulutsa mau popanda chiphaso, bwalo linamulipiritsa K50,000, anthu akufuna kwabwino nathandiza, ndipo pambuyo pake anapatsidwa mwayi wobwerera ku sukulu. Winayo ndi William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, atachoka pa sukulu kaamba ka njala ndi kusoŵa fizi. Nzeru yake anaitenga m'buku la m'laibulale, ndipo anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Onse aŵiri manja anawatsogolera, koma onse aŵiri anafunabe buku. Ndinauza mng'ono wanga kuti ndaona mwana wake akuŵerenga sayansi ngati munthu wanjala, ndipo chimene chinamupatsa njalayo ndi katoni yomwe ili pansi pa bedi.

Popeza mng'ono wangayo ndi mkulu wa mpingo, ndinawonjeza za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene iye amachinyadira. David Clement Scott amene anatsogolera ntchitoyo kuyambira 1888 kufikira 1891 sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo omanga ake anali anthu a m'midzi yozungulira amene anaphunzirira pa ntchito pomwepo. Anaumba njerwa za mitundu yoposa 80, akuyesa ndi kuona chimene chikhale. Mng'ono wanga anati, "Amenewo anali ndi Mishoni kumbuyo kwawo. Mwana wanga ali ndi ine ndekha." Apanso sindinapeze yankho lofulumira.

Amene anamasula mfundoyo ndi malume. Anali chete nthaŵi yonseyi, akumanga mkombero wa lichero mu mdima. Anati mwa zidzukulu zawo zonse, mwana yekhayu ndiye amakhala nawo pansi kuonerera kuluka, ndipo anaphunzira kupala nsungwi osadzicheka. "Mwana amene wayesa chinthu kasanu osachitaya, ameneyo si waulesi. Mukamulanda katoniyo simumubwezera ku mabuku, mungomusandutsa mlendo pakhomo pano. Koma bambo akenso asalire pachabe." Anagamula kuti katoni ibwezedwe. Masiku a sukulu isatsegulidwe kufikira ntchito ya kusukulu itatha ndipo mlongo wake waiona. Loŵeruka masana likhale lake, wina asamutume. Chingerezi chikatsikanso teremu ikudzayi, katoni idzakhala kunyumba kwa malume mpaka tchuthi. Mabatire otupa atayidwe m'dzenje, ndipo otsalawo azisungidwa kunja kwa nyumba yogona.

Mng'ono wanga sanavomere ndi mtima wonse, ndinaona. Anangoti, "Mwanena ndinu eni mbumba." Koma m'maŵa mwake ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuchotsa tcheni ndi gudumu lamano pa njinga yake yakale imene inaonongeka ndi madzi a Freddy. Sanandiuze chimene amachotsera, inenso sindinafunse.

Ndinanyamuka tsiku lachinayi dzuŵa litangotuluka. Mlamu wanga anandimangira mapeyala ndi kalongonda wosaphika, nandibwerezera katatu malangizo a kaphikidwe kake kuti ndikauze akunyumba. Malume anandipatsa lichero la maŵanga akuda, nakana ndalama. Mnyamata wa kabaza yemwe uja anadzanditenga, ndipo titangokwera kamtunda koyamba anaima yekha, naloza kumpoto. Chiperoni chinali chitachoka usiku. Phiri lonse linaima poyera, matanthwe ake akunyezimira ndi madzi, mathithi akutsika ngati ulusi woyera, minda ya tiyi itayala m'tsinde mwake. Tinaliyang'ana kanthaŵi osalankhula.

Ndili m'basi ndinapisa m'thumba la jekete kufuna ndalama, ndipo ndinapezamo kapepala kopindidwa kanayi. Kanalembedwa m'Chingerezi, mwina pofuna kundionetsa kuti wayambapo kale, ndipo munali zolakwa ziŵiri zimene ndinazikonza ndi cholembera mwa chizoloŵezi. Mwanayo anali kupempha kuti ndikafika ku Limbe ndimugulire mtovu wolumikizira mawaya ndi tizipangizo tinayi towongola magetsi, ndipo pansi pake analonjeza kudzabweza ndalamazo nandolo akagulitsidwa.